Musanamizire lilime la mwana, shuga mwathira ndinu

Kampani yopanga mabisiketi, zakumwa zotsekemera kapena phala la m'paketi ukaifunsa chifukwa chimene imathirira shuga wambiri m'zakudya za ana, sichita manyazi. Imati imangopanga zimene ana amakonda, ndipo umboni ulipo: anawo anafunsidwa, analawa, anasankha okha. Zoti anafunsidwa n'zoona. Ku America ndi ku Ulaya kuli makampani komanso mayunivesite okhala ndi zipinda zolawitsiramo ana zakudya, ndipo kumwetulira ndi kutsinya kwa anawo amakusandutsa manambala oti mabwana akambirane pamsonkhano.

Ine ndikuti manambala amenewa amanena zoona za lilime la mwana pa mphindi imodzi yokha, koma za mwanayo amanama. Mwana sabadwa atamaliza kale kusankha zimene adzakonde. Zambiri amachita kuphunzira, ndipo omuphunzitsa ndi ife akuluakulu, kuphatikizapo kampani yomwe ikumuyezayo. Amene wathira shuga n'kumati mwana ndiye anafuna, akuzemba mlandu.

Tiyambe ndi mmene amayezera. Muyeso wotchuka kwambiri sunakonzedwere ana n'komwe, unachokera kwa asilikali. Cha m'ma 1950, David Peryam ndi anzake, amene ankagwira ntchito ku bungwe loona za chakudya cha asilikali a America mumzinda wa Chicago, anakonza sikelo ya makwerero 9, kuyambira pa kudana nacho kotheratu chakudya mpaka pa kuchikonda kotheratu. Cholinga chinali kudziwa zakudya zimene msilikali angadye osataya. Makampani anaitengera njirayi. Koma mwana wa zaka 6 sangasiyanitse kukonda chinthu pang'ono ndi kuchikonda pakatikati, ndiye mu 1990 Beverley Kroll wa kampani ya Peryam & Kroll anasintha mawu a pasikeloyo n'kuikapo mawu amene ana a ku America amalankhula tsiku ndi tsiku. Ena anachotsa mawu onse n'kujambula nkhope: yokwinya, yapakatikati ndi yomwetulira. Masiku ano ayamba kugwiritsa ntchito tinkhope timene timatumizirana pafoni tija.

Kwa ana aang'ono kwambiri sikelo imakanika, choncho amawaikira zinthu ziwiri n'kuwauza kuti aloze chimene chawakomera. Leann Birch, katswiri wa kadyedwe ka ana amene anagwira ntchito ku yunivesite ya Illinois kenako ku Penn State, anakonza njira ina kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: mwana amalawa zakudya zingapo, n'kusankha chomukomera koposa, icho amachichotsa, n'kusankhanso pa zotsalazo, mpaka zonse zitandandalikidwa. Makanda osalankhula amawayeza poona nkhope ndi kuchuluka kwa zimene ameza. Jacob Steiner wa ku Jerusalem anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti khanda longobadwa kumene likadonthezedwa madzi a shuga palilime nkhope yake imamasuka n'kuyamba kuyamwa, koma likadonthezedwa zowawa limakwinya n'kuyasama. Lero kuli mapulogalamu a kompyuta, monga FaceReader ya kampani ya Noldus ya ku Netherlands, amene amawerenga nkhope kudzera pa kamera, ndiponso zipangizo zotsatira diso kuti adziwe pamene limayambira kugwera munthu akaona paketi.

Luso lonseli n'logometsa, koma vuto lake loyamba n'lakuti mwana amayankha munthu amene wamufunsa, osati funsolo. Ofufuza eniake amadziwa kuti ana aang'ono amakonda kuvomereza zimene wamkulu wanena, amathamangira kumapeto kwa sikelo osalabadira zapakati, ndipo ena amaloza nkhope yomwetulira chifukwa nkhopeyo ndiyo yawasangalatsa, za chakudyacho aiwala kale. Tsono taganizani njira imeneyi itafika kwathu kuno, kumene mwana amaleredwa kuti chopatsidwa ndi wamkulu alandire ndi manja awiri n'kuthokoza. Mlendo wotchena wafika pasukulu ya mkombaphala ndi chikwama cha mapepala, aphunzitsi aima pambali, amayi ali pakhomo kuyang'anitsitsa. Ndi mwana uti angalimbe mtima kuloza nkhope yokwinya? Lipoti lidzati ana achikonda chakudyacho, chonsecho chimene chayezedwa ndi ulemu wa anawo.

Vuto lalikulu kuposa apa n'lakuti kafukufuku wambiri wa zamalonda amayeza kulawa kamodzi: supuni imodzi, kapena kungonyowetsa kukhosi. Pa kulawa kotere chotsekemera chimapambana kawirikawiri, ngakhale kwa akuluakulu. Kampani ya Coca-Cola inaziona mu 1985. Italawitsa anthu pafupifupi 200,000 n'kupeza kuti ambiri akonda chakumwa chatsopano chotsekemera kwambiri, mu Epulo inasiya chakale. Anthu anakwiya, ndipo pofika Julayi chakalecho chinabwerera m'masitolo. Ngati kulawa kamodzi kunasokeretsa kampani yaikulu choncho pa anthu a ndevu zawo, nanga bwanji pa mwana wa zaka 4, amene ali pa msinkhu wokayikira chakudya chilichonse chachilendo?

Kukayikira kumeneku kumakula pakati pa zaka 2 ndi 6, ndipo mankhwala ake akudziwika. Mu 1982 Birch uja ndi mnzake Marlin anapatsa ana a zaka 2 zipatso ndi tchizi zimene anali asanadyepo, zina kangapo, zina kambirimbiri, ndipo anapeza kuti chimene mwana wakumana nacho kambiri ndi chimene amayamba kuchikonda. Kafukufuku wina wotsatira anaonetsa kuti pangafunike kulawa maulendo 8 mpaka 15 kuti mwana alandire chakudya chatsopano. Ku London, Jane Wardle ndi anzake mu 2003 anapempha makolo kuti azilawitsa ana awo ndiwo zamasamba zimene anawo ankakana, pang'ono chabe tsiku lililonse kwa masiku 14, ndipo anawo anayamba kuzikonda ndi kudya zochulukirapo. Phunziroli limayamba mwana asanabadwe. Julie Mennella ndi anzake a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anapeza mu 2001 kuti makanda amene amayi awo ankamwa madzi a karoti ali oyembekezera kapena akuyamwitsa sankakwinya kwambiri akapatsidwa phala lothira karoti. Choncho mwana akakana bonongwe, therere kapena chisoso tsiku loyamba, sikuti sakonda ayi, sanazolowere. Muyeso umene umathera pa tsiku loyamba umagwetsa masamba onse n'kuveka shuga ufumu, mpikisano usanayambe.

Ndiye pali funso limene malipoti a makampani salifunsa: ndani anakonza zimene mwanayo akusankhapo? Anthu amakonda kutchula kafukufuku wa Clara Davis, dokotala wa ana wa ku Chicago, amene analemba zotsatira zake mu 1928 ndi 1939. Iye anatenga ana 15 ongoletsedwa kumene kuyamwa n'kuwalola kudya chilichonse chimene akufuna pa zakudya zoposa 30, popanda wowakakamiza, ndipo anawo anakula ndi thanzi. Ambiri amathera pomwepa n'kumati mwana amadziwa yekha zoyenera kudya. Amaiwala kuti pa thireyi ya Davis panalibe shuga wothira, panalibe maswiti kapena makeke. Panali nyama, chiwindi, nsomba, mazira, mkaka, masamba, zipatso ndi mbewu zophikidwa mosakometsera. Anawo sakanatha kusankha molakwika chifukwa choipa panalibepo. Nzeru inali ya amene anakonza thireyiyo. Kuika chotsekemera pambali pa chosatsekemera kenako n'kulengeza kuti mwana wasankha, n'chimodzimodzi kumasula mbuzi m'mbali mwa munda wa chimanga n'kumadabwa kuti sinapite kuthengo.

Zoti ana amakonda zotsekemera kuposa akuluakulu palibe akutsutsa. Ku Monell komweko ali ndi njira yoyezera zimenezi: mwana amapatsidwa tikapu tiwiri ta madzi a shuga n'kuloza kamene kamukomera, kenako amapatsidwa tina tiwiri malinga ndi mmene wasankhira, pa miyeso yoyambira pa magalamu 3 mpaka 36 a shuga pa mamililita 100 alionse. Kuti muone kukula kwake, Coca-Cola wamba ali ndi magalamu ongopitirira pang'ono 10. Asayansi amayeza izi pofuna kumvetsa thupi la mwana, ndipo amachenjeza kuti chibadwa chimenechi n'choopsa m'dziko lodzaza shuga wotchipa. Koma nzeru yomweyo ikalowa m'fakitale imagwira ntchito ina. Howard Moskowitz, amenenso anayambira ku malo ofufuzira za chakudya cha asilikali ku Natick, anatchuka ndi luso lopezera makampani mlingo wa shuga pamene kukoma kumafika pachimake, woti ukangowonjezera pang'ono chakudya chimayamba kukola. Mtolankhani Michael Moss anafotokoza ntchito imeneyi m'buku lake la mu 2013 lotchedwa Salt Sugar Fat. Dokotala akaona kuti mwana amakopeka msanga ndi shuga amati timuteteze. Wamalonda akaona zomwezo amati apa ndiye polowera.

Komanso si lilime lokha limene limalawa. Mu 2007 Thomas Robinson ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford anapatsa ana 63 a zaka 3 mpaka 5 zakudya zofanana ndendende, china chokutidwa m'pepala la McDonald's, china m'pepala lopanda dzina. Pa zakudya zambiri anawo anati cha m'pepala la McDonald's ndicho chokoma, ngakhale karoti ndi mkaka. Mu 2010 ofufuza a ku Yale anachita zofanana ndi ana 40 a zaka 4 mpaka 6, koma iwo anamata pamapaketi zithunzi za makatuni a Scooby-Doo, Dora ndi Shrek, ndipo ana ambiri anasankha paketi ya katuni. Apa n'zoonekeratu kuti kampani imayamba yaphunzitsa mwana kudzera pa wailesi yakanema, pafoni ndi papaketi, kenako imabwera kudzayeza zimene yamuphunzitsa n'kuzitcha zofuna za mwana.

Sizichitika mwangozi. James McNeal, amene buku lake la mu 1992 lotchedwa Kids as Customers linakhala ngati katekisimu wa otsatsa malonda, anaphunzitsa kuti mwana ndi msika katatu: amagula ndi tindalama take, amaumiriza makolo kugula, ndipo ndi wogula wa mawa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo amalonda mwambiwu anaumvetsa kuposa ife eni ake. Maiko ena anadzuka kale. Chigawo cha Quebec ku Canada chinaletsa kutsatsa malonda kwa ana osakwana zaka 13 kuyambira mu 1980. Dziko la Chile kuyambira mu 2016 limakakamiza makampani kuika chizindikiro chakuda pa zakudya zochuluka shuga, mchere kapena mafuta, ndipo linachotsa makatuni pamapaketi a zakudya zoterozo.

Amene akukayikabe kuti wosankha ndi kampani aone nkhani ya Cerelac, phala limene lili m'masitolo athu. Mu Epulo 2024 mabungwe a Public Eye ndi IBFAN anatulutsa lipoti loonetsa kuti Cerelac wogulitsidwa m'maiko ambiri a mu Africa, Asia ndi Latin America ali ndi shuga wothira pafupifupi magalamu 4 pa mlingo umene khanda limadya kamodzi, ndipo wa ku Ethiopia anapitirira magalamu 5, pamene phala la tirigu la mtundu womwewo ku Germany ndi ku Britain lilibe shuga wothira. Kampani ya Nestlé, yomwe imapanga Cerelac, inayankha kuti imatsatira malamulo a dziko lililonse. Mwina n'zoona, koma yankho limenelo ndilo likuulula zonse. Khanda la miyezi 6 la ku Addis Ababa silinabadwe ndi lilime losiyana ndi la ku Berlin. Chosiyana ndi malamulo komanso maso a anthu. Kumene boma ndi makolo ali tcheru shuga amachoka, kumene akugona amatsala. Kampani yomweyi kwa zaka zambiri yakhala ndi muyeso wake wotchedwa 60/40+, woti anthu 60 mwa 100 alionse olawa osadziwa dzina asankhe chake kusiya cha opikisana nayo. Pa mpikisano wa supuni imodzi wotere, njira yachidule yopambanira aliyense akuidziwa.

Wina anganene kuti ndikutaya zabwino ndi zoipa zomwe. Chakudya chimene mwana wakana sichimupatsa thanzi ngakhale chitadzaza mavitamini, ndiye kuyeza zokonda ana n'kofunika. Ndikuvomereza, ndipo chitsanzo chili pakhomo pathu. Chiponde, chakudya cha mtedza, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini chimene Dr Mark Manary ndi anzake anayesa kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, chapulumutsa ana ambiri onyentchera chifukwa choti amachidya mosavuta. Kuchipatala mwana wonyentchera amayamba wayesedwa kaye: amayi ake amakhala naye pamalo a phee n'kumupatsa chiponde. Akadya mlingo wokwanira amakalandirira chithandizo kunyumba, akalephera amagonekedwa. Umenewonso ndi muyeso wa zimene mwana walandira. Momwemonso obereketsa mitundu ya mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ayenera kudziwa ngati ana aidyadi, ndipo ophika phala la kusukulu, monga limene bungwe la Mary's Meals lakhala likupereka kuyambira mu 2002, ayenera kudziwa ngati makapu akubwerera opanda kanthu.

Koma taonani kusiyana kwake. Azaumoyo amayamba ndi chimene thupi la mwana likusowa, n'kufunsa mmene angachikonzere kuti mwanayo achidye. Wamalonda amayamba ndi chimene mwana sangachikane, n'kufunafuna kavitamini koti alembe papaketi. Chiponde n'chotsekemera, inde, koma ndi mankhwala a masabata owerengeka kwa mwana amene moyo wake uli pachiswe, sichakudya choti azolowere mpaka kukula. Ndipo azaumoyo amayeza chimene chalowa m'mimba ndi mmene sikelo yakwerera pakapita masabata, osati chala choloza nkhope yojambula. M'dziko ngati lathu, kumene kafukufuku wa boma wa 2015/16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, K500 iliyonse imene yapita ku kamba ndi mafirizesi yalandidwa ku dzira kapena usipa. Mwana amakhuta, koma sakula.

Palinso nkhani ya chilolezo. Kafukufuku wa zaumoyo wokhudza ana amayamba wadutsa m'makomiti oona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee kuno kwathu, ndipo zotsatira zake zimasindikizidwa kuti ena aziunike. Kafukufuku wa zamalonda nthawi zambiri amayendera malamulo amene eni ntchitoyo anadzilembera okha, monga a bungwe la ESOMAR, amene amati kholo livomereze kaye. Kholo limasayina kuti mwana alawe mabisiketi, mwinanso n'kulandira kamphatso. Koma silimauzidwa momveka kuti zimene apeze pa mwana wake zikhala chinsinsi cha kampani, ndipo zidzagwira ntchito yokopa ana ena miyandamiyanda amene makolo awo sanasayine kalikonse. Mwana wa zaka 5 sangavomereze zimene sakuzimvetsa, ndipo kholo silingavomereze zimene silinauzidwe.

Ndiye tichite chiyani? Ofufuza, a m'mayunivesite athu ndi olembedwa ganyu ndi makampani omwe, asiye kulengeza zokonda ana kuchokera pa kulawa kamodzi. Alawitse kambirimbiri kwa masabata, ayeze zotsala m'mbale, achite zimenezi kunyumba kapena kusukulu kumene mwana amadyera masiku onse, ndipo wofunsa akhale munthu amene mwana samuopa. Lipoti lililonse linene poyera zimene zinaikidwa pamaso pa mwana, zimene sizinaikidwe, ndi amene walipira ntchitoyo. Kafukufuku aliyense wolawitsa ana chakudya, kaya ndi wa chipatala kaya wa fakitale, adutse pa komiti yodziimira payokha.

Boma nalo lili ndi poyambira. Bungwe la WHO linapereka malangizo oteteza ana ku malonda a zakudya zosapatsa thanzi mu 2010, ndipo mu 2023 linalimbikitsa kuti malamulo ake akhale okakamiza, osati ongodalira chifundo cha makampani. Unduna wa Zaumoyo ndi Malawi Bureau of Standards aike malire okhwima a shuga wothira m'zakudya za makanda, kaya zapangidwa ku Blantyre kaya zachokera ku Johannesburg, ndipo shuga wothirayo alembedwe papaketi m'njira yoti mayi wa ku Ntchisi amve. Competition and Fair Trading Commission ndi bungwe la ogula la CAMA ayang'ane makatuni ndi mawu okopa a pamapaketi, komanso zimene zikugulitsidwa pazipata za sukulu.

Inu makolo, kafukufuku wodalirika kwambiri ali m'manja mwanu, ndipo salira ndalama. Mwana akakana dzungu kapena nkhwani lero, musamulembe kuti sakonda, ndipo musamukwapule kapena kumunyengerera ndi switi. Mawa muikireninso pang'ono, mkuja chimodzimodzi, inu mukudya nawo iye akuona. Phala la khanda musathiremo shuga pofuna kuti limeze msanga, thiranimo nsinjiro. Ndipo tsiku lina mukadzamva kampani ikudzitama kuti ana asankha okha, muifunse mafunso awiri: anasankha pa zinthu ziti, ndipo analawa kangati? Kampani imene singayankhe mafunso amenewa isamanene kuti ikulankhulira ana athu. Shuga anathira ndi iwo, ndipo mlandu wake ndi wawo.